Mafunso ndi mayankho: kuchotsa mimba, lamulo, ndi ife a Malawi okhala kuno ku Joni

Mafunso ali apawa ndi omwe amayi ndi atsikana akwathu amatifunsa kawirikawiri, ena pa foni pakati pa usiku, ena monong'ona tikutuluka mu tchalitchi, ambiri amayamba ndi mawu oti "ndikufunsira mnzanga wina". Ndife amayi ochepa chabe okhala mbali za Yeoville, Rosettenville, Mayfair, Tembisa ndi Diepsloot, ena timagwira m'nyumba za mabwana, ena m'masaluni, ena timagulitsa pamsewu. Ofesi tilibe, sindife madokotala, ndipo mankhwala sitigulitsa olo pang'ono. Yathu ndi kuperekeza munthu kuchipatala, kumumasulira, nkukhala naye pamzere mpakana athandizidwe.

Kodi nzoona kuti kuno kuchotsa mimba nkololedwa, kapena ndi nkhambakamwa chabe?

Nzoona ndithu asisi, ndipo si za dzulo. Lamulo lake ndi Choice on Termination of Pregnancy Act, nambala 92 ya chaka cha 1996, linayamba kugwira ntchito pa 1 February 1997 nthawi ya a Nelson Mandela. Lisanabwere limeneli kunali la 1975 la nthawi ya tsankho, lija linkafuna kuti madokotala angapo avomereze kaye, nde amene ankakwanitsa anali andalama okhaokha, amayi akuda m'malokeshoni ankangofa mmene akuferamu kwathu pano.

La panoli likuti chonchi. Mimba ikakhala kuti sinadutse masabata 12, mayi akangopempha basi, palibe zofotokoza chifukwa. Kuyambira masabata 13 kufika 20 pamafunika dokotala aone kuti pali chimodzi mwa izi: mimbayo ikuika thanzi la mayi pachiswe, kaya la thupi kaya la maganizo, kapena mwana atha kubadwa ndi vuto lalikulu, kapena mimbayo inabwera pogwiriridwa olo kuchokera kwa wachibale, kapena kuti kupitiriza nayo kusokoneza kwambiri moyo wa mayiyo pankhani ya chuma ndi kakhalidwe kake. Chomalizachi anthu ambiri sachidziwa koma chilimo, ndipo ambiri aife mpomwe timagwera, munthu ukugona kachipinda kamodzi ndi ana awiri, lendi sunalipire, kumudzi akudikira ya fetereza. Ikadutsa masabata 20 ndekuti khomo latsala pang'ono kutsekeka, amalola pokhapokha moyo wa mayi uli pangozi kapena mwanayo ali ndi vuto lalikulu zedi, ndipo dokotala amayenera kugwirizana kaye ndi dokotala mnzake olo mzamba.

Masabatawo amayambira pati kuwerenga?

Pa tsiku loyamba la kusamba kwanu komaliza, osati tsiku lomwe munakumana ndi abambowo ayi. Nde mukangophonya mwezi umodzi muli kale pa masabata 4 olo 5, mukaphonya wachiwiri mwafika 8 olo 9. Apa mpomwe anthu amatayira nthawi, kudikira kuti mwina kubwera, mwina ndi kuzizira kwa kuno, mwina ndi maganizo. Gulani kotesitira mimba ku famase, kapena pitani ku kiliniki akakuyezeni ulere.

Ine mapepala ndilibe, pasipoti inaovasiteya kalekale. Sakandigwiritsa kwa apolisi?

Funso ili ndi lomwe limapha anthu athu kuposa lina lililonse, chifukwa mantha a Lindela, kuja amasungako anthu opanda mapepala asanawabweze kwawo, ndi omwe amakankhira munthu kwa anthu a mumsewu. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 27, amati aliyense ali ndi ufulu wolandira chithandizo cha zaumoyo kuphatikizapo cha ubereki. Analemba kuti aliyense, sanalembe kuti nzika zokha. Lamulo la National Health Act la 2003 likuti zipatala za boma zipereke chithandizo chochotsa mimba ulere. Ndipo mu April 2023 khothi lalikulu la kuno ku Johannesburg, pa mlandu womwe anakasuma a Section27, bungwe lomenyera ufulu wa anthu kudzera m'makhothi, linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma posayang'ana komwe munthu akuchokera kapena mapepala ake.

Komano tisakunamizeni kuti pageti zimayenda mmene zinalembedwera. Pali makalaliki omwe amafuna ID mokalipa, pali masiku omwe a Operation Dudula, gulu lofuna kuthamangitsa anthu akunja opanda mapepala, amaima pamakomo a makiliniki nkumabweza anthu akunja, mpaka nkhani inakafika kukhothi, ndipo chakumapeto kwa 2025 khothi linanena kuti munthu wamba alibe mphamvu yoitanitsa mnzake mapepala, imeneyo ndi ntchito ya apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka. Nchifukwa chake timati musapite nokha. Tengani chilichonse chomwe muli nacho, pasipoti olo yotha, khadi la kiliniki lakale, kapepala kosonyeza komwe mukukhala. Nesi si wa Home Affairs, ndipo lamulo lomweli likuti dzina la mayi yemwe wachotsa mimba likhale lachinsinsi, malipoti opita ku boma amapita opanda dzina ndi adilesi.

Nanga ndikadzabwerera kumudzi sakandiimba mlandu?

Mwathandizidwa m'dziko lomwe lamulo lake likulola, ndipo palibe chipatala chomwe chimatumiza dzina lanu ku Lilongwe.

Zimafuna ndalama zingati?

Ku boma ndi ulere. Munthu wa m'chipatala cha boma akakuitanirani pambali kuti mumupatse kenakake kuti akudumphitseni mzere, chimenecho ndi chiphuphu, si mtengo wake. Kuli zipatala zolipira zovomerezeka ngati Marie Stopes, omwe kumudzi timawadziwa ndi dzina la Banja La Mtsogolo, komanso madokotala ena apulaiveti, kumeneko nkwachangu koma ndi ndalama ndithu ndipo mtengo umakwera masabata akamachuluka.

Amuna anga akuyenera kusayina? Nanga mwana wa sukulu, makolo ake?

Ayi. Chilolezo chomwe lamulo likufuna ndi cha mwini mimba yekha. Mwamuna, apongozi, ankhoswe, abusa, palibe yemwe amasayina. Mtsikana wosakwana zaka 18 anesi amamulangiza kuti akambirane ndi makolo, achibale olo wina yemwe amamudalira, koma akakana sangamubweze pachifukwa chimenecho. Izi anthu ena anazitengera kukhothi, a Christian Lawyers Association, nkuluza mu 2004. Monga makolo timadziwa kuti zimawawa kumva kuti mwana wako angapange chinthu chachikulu chonchi iwe osadziwa. Koma taonapo ana omwe wowapatsa mimbayo ndi munthu wa m'nyumba momwemo, ankolo omwe anamulipirira basi yobwerera kuno, nde mwana wotere akapemphe chilolezo kwa ndani?

Manambala omata m'mapolo aja bwanji? Akuti tsiku lomwelo, popanda ululu

Achemwali, chonde, musaimbe. Mukatsika basi pa Park Station nkumayenda kulowera ku Noord kapena kukwera ku Hillbrow, polo iliyonse ya magetsi, bini iliyonse, ngakhale pa roboti penipeni, pali timapepala tomata, pamwamba dzina la dokotala loyamba lokha, pansi nambala ya foni, adilesi njee. Tina pakapepala komweko alembaponso kuti amabweza mwamuna wothawa. Dokotala weniweni sabweza mwamuna wothawa.

Mmene amapangira, ukaimba amakuuza kuti mukumane pakona yakuti, kumabwera kamnyamata nkukupatsa mapilisi okulunga mu tishu, iwe nkupereka ndalama, basi mwasiyana. Sanakuyeze, sakudziwa ngati uli pa masabata 6 kapena 22, sakudziwa ngati mimbayo inakhala mu chubu osati m'chiberekero, yomwe mapilisi sangaichotse ndipo ikaphulika umataya magazi mkati osaoneka. Mapilisiwo pena ndi enieni koma muyezo wake ndi wongopeka, pena ndi feki. Zikavuta ukaimbanso foni ndi yothima.

Mtsikana wina tinamupeza mu fulati imodzi mwa zija amagawa chipinda ndi makatani, mabanja angapo mchipinda chimodzi, atagona pa matiresi pansi, zitenje zake zonse zitanyowa wayamba kugwiritsa ntchito sikipa, thupi likutentha ngati mbaula, koma akugwira dzanja la mnzathu kuti asaitane ambulansi chifukwa akamufunsa pasipoti. Kuseri kwa kataniyo anthu akuphika nsima osadziwa kanthu. Anapulumuka, koma anakhalitsa m'chipatala, ntchito inatha, ndipo chomwe chimatiwawa nchakuti kiliniki ya boma yomwe ikanamuthandiza ulere inali yoyenda wapansi kuchokera pamene ankakhalapo.

Malo ovomerezeka mudzawadziwa chonchi: ali ndi adilesi ndi chikwangwani, amakuyezani olo kukupangani sikani, amakupatsani fomu yosayina, amakuuzani zizindikiro zoopsa ndi komwe mungathamangire. Dokotala amakhala wolembetsedwa ku HPCSA, bungwe loyang'anira madokotala kuno, nesi ku South African Nursing Council, ndipo mukafunsa nambala yake sakwiya.

Kuchipatalako amapanga chani kwenikweni? Zimawawa? Ndidzaberekanso?

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya mapilisi, mimba ikadali yaing'ono: amakumwetsani mifepristone, pakadutsa tsiku limodzi olo awiri mumagwiritsa ntchito misoprostol, kenako m'mimba mumapota, magazi amatuluka ambiri kuposa akumwezi, ndi zamagulumagulu. Yachiwiri ndi yokoka ndi kachipangizo, imatenga mphindi zochepa ndipo mumabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Mpaka masabata 12 nesi olo mzamba yemwe anaphunzitsidwa amaloledwa kupanga, kupitirira apo ndi dokotala, m'chipatala chachikulu, nthawi zambiri amakugonekani, ndipo zipatala zomwe zimalandira mimba zazikuluzi nzochepa kwambiri, mizere yake ndi ya masabata.

Kuwawa kulipo, sitibisa, pemphani mankhwala opha ululu. Za kubereka musade nkhawa, kuchotsa kwa kuchipatala sikutseka munthu. Chomwe chimawononga chiberekero ndi kuola kwa mkati kobwera ndi zitsotso, mitengo ya chinangwa, sopo wochapira ndi zina zomwe tinakula tikuzimva kumudzi. Ndipotu mutha kutenganso mimba ina pasanathe masabata awiri, nde musatuluke osafunsa za kulera, kaya jakisoni, kaya ya pamkono, kaya lupu, kaya mapilisi, zonse ku boma ndi zaulere.

Ndamwa kale za mumsewuzo ndipo sindikupeza bwino

Siyani kuwerenga, pitani kuchipatala pompano ngati mukunyowetsa mapadi awiri aakulu pa ola kwa maola awiri otsatizana, ngati thupi likutentha olo mukunjenjemera, ngati kukutuluka zonunkha, ngati mukumva chizungulire, kapena ngati mbali imodzi ya chinena ikubaya kwambiri. Pa foni ya m'manja imbani 112, ambulansi ndi 10177. Malamulo aakulu a dziko lino amati munthu asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi, palibe za mapepala apa. Mukafika nenani zoona, mwamwa chani, angati, liti, ngati kapaketi kalipo katengeni. Kubisa kumangochedwetsa omwe akufuna kukupulumutsani.

Ndinapita ku kiliniki, nesi anandilalikira nkundibweza. Nditani?

Izi zimachitika kwambiri ndipo mpomwe pali nkhondo yeniyeni ya kuno. Mu 2017 a Amnesty International anatulutsa lipoti losonyeza kuti mwa zipatala 505 zomwe zinasankhidwa kuti zizipereka chithandizochi, zomwe zinkaperekadi zinali 264 zokha. Kwina kulibe nesi wophunzitsidwa, kwina alipo mmodzi nde akapita pa holide zonse zaima, kwina amatenga anthu ochepa patsiku, ukafika dzuwa litatuluka akuti bwerani sabata ya mawa, sabata ya mawa akuti makina a sikani awonongeka, ukamadzafika tsiku lako wadutsa kale 12.

Nesi olo dokotala atha kukana kupanga ndi manja ake chifukwa cha chikhulupiriro chake, koma akuyenera kukuuzani ufulu wanu ndi kukutumizani kwa wina yemwe angakuthandizeni, ndipo pangozi sangakane. Mlonda wa pageti ndi kalaliki wa mafayilo alibe gawo lokana. Lamulo likutinso munthu wotsekereza mayi dala kuti asalandire chithandizo chovomerezekachi atha kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka zaka 10.

Nde musabwerere chimanjamanja. Pemphani kalata yokutumizani kwina, pemphani kuonana ndi sisita wamkulu olo manijala wa chipatala, lembani tsiku, nthawi ndi dzina lomwe lili pa baji. Madandaulo amapita kwa Health Ombud, ofesi yomva madandaulo a zaumoyo, a Section27 ku Braamfontein nawonso amathandiza pa milandu ya zaumoyo. Koma dandaulo lisakuimitseni, mawa lake m'mamawa khalani muli pa chipatala china, masabata sadikira.

Tinenenso apa kuti alipo manesi omwe amagwira ntchitoyi ndi mtima wonse, anzawo akuwanena kuti ndi zigawenga, mu kantini akudya okha. Amenewo timawathokoza ndipo tikawapeza timawasunga ngati golide.

Ngati lamulo lilipo kale, nde inu mukulimbana ndi chani?

Lamuloli chiyambireni silinapume. Mu 1998 a Christian Lawyers Association anakasuma kuti lonse lithetsedwe ponena kuti likuphwanya ufulu wokhala ndi moyo, khothi la ku Pretoria linakana. Mu 2004 anabweranso ndi nkhani ya ana ija. Chaka chomwecho aphungu anasintha lamuloli kuti manesi ophunzitsidwa nawonso aziloledwa kuthandiza osati azamba okha, a Doctors for Life anakasuma, ndipo mu 2006 khothi la Constitutional Court linati kusinthako kunachitika anthu asanafunsidwe mokwanira, mpaka aphungu anachita kubwerezanso mu 2008. Mu 2017 phungu wa chipani cha ACDP, mayi Cheryllyn Dudley, anabweretsa bilu yofuna kuonjezera zokhoma, monga kukakamiza mayi kuonetsedwa zithunzi za sikani asanathandizidwe, komiti ya zaumoyo inaikana mu 2018.

Pa zonsezi lamulo linapulumuka, eya. Koma ife zomwe timaona ndi maso nzakuti lamulo atha kulipha osalikhudza nkomwe, kungosiya kuphunzitsa manesi, kusiya kugula mankhwala, kusiya mlonda azibweza anthu. Palinso malo ena omwe amaoneka ngati kiliniki, amalemba kuti uphungu waulere kwa oyembekezera, ukalowa amangokuchedwetsa ndi kukuopseza mpaka nthawi ithe. Mukafika pamalo funsani mwachindunji kuti kodi pano mumachotsa kapena mumatumiza kuti, akayamba kuzungulira tulukani.

Za ku America zija zikutikhudza bwanji ife?

Kumeneko ufuluwu unakhazikika mu 1973 pa mlandu wa Roe v. Wade, anthu nkumati zatha basi. Pa 24 June 2022 khothi lawo lalikulu linaugwetsa, patadutsa zaka 49, ndipo zigawo zingapo zinaletsa nthawi yomweyo. Chachiwiri ndi ndalama. Kuyambira 1984 kuli ndondomeko yotchedwa Mexico City Policy, yomwe imati bungwe lakunja lolandira thandizo la America lisapereke olo kulimbikitsa chithandizo chochotsa mimba, ngakhale ndi ndalama zake zina. Pulezidenti wina amaichotsa wina nkuibwezeretsa, a Donald Trump anaibwezeretsanso mu January 2025, chaka chomwecho ndalama za USAID zinadulidwa, makiliniki ena kuno ku Joni omwe anthu akunja tinkapitako momasuka anatseka. Kumudzi nde nkoopsa kwambiri chifukwa zakulera zambiri zimadalira thandizo lakunja, ndipo zakulera zikasowa mimba zosakonzekera zimachuluka, palibe zodabwitsa apa.

Koma si konse zikubwerera m'mbuyo. Ku Argentina amayi ovala timipango tobiriwira anayenda m'misewu zaka ndi zaka mpaka mu December 2020 lamulo linadutsa. Aneba athu a Mozambique anasintha lawo mu 2014, pano amalola mpaka masabata 12.

Nanga kwathu ku Malawi lamulo likuti chani?

Tikugwiritsabe ntchito Penal Code ya 1930, ya atsamunda. Gawo 149, wochotsa mnzake mimba zaka 14. Gawo 150, mayi wodzichotsa yekha zaka 7. Gawo 151, wopereka mankhwala olo zipangizo zaka 3. Chomwe amalola ndi kupulumutsa moyo wa mayi basi, gawo 243.

Ndiye kodi lamuloli linaletsa anthu kuchotsa? Kafukufuku wa College of Medicine ndi Guttmacher Institute anapeza kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi, ndipo ambiri mwa amayiwo anakumana ndi mavuto ofunika chipatala. Aliyense wa ife akudziwa mtsikana wa m'mudzi mwake yemwe pamaliro ake anthu ankangoti anadwala m'mimba. Mwana wa bwana amapita kupulaiveti mwakachetechete, ena amakwera ndege kubwera konkuno, wa kumudzi ndi amene amakathera kwa agogo ena kuseri kwa dambo.

Mu 2015 komiti yapadera ya Law Commission inalemba bilu yoti aziloleza pamene mayi wagwiriridwa, pamene ndi wachibale, pamene thanzi lake lili pachiswe kapena mwana ali ndi vuto lalikulu. Onani kuti si yoti aliyense akangopempha ngati kuno ayi. Mu December 2016 mipingo motsogozedwa ndi maepiskopi a Katolika ndi Evangelical Association of Malawi inayenda m'misewu kuikana. Mu March 2021 a Mathews Ngwale, omwe anali wapampando wa komiti ya zaumoyo, anayesa kuibweretsa ku Nyumba ya Malamulo, aphungu anakana olo kungoikambirana. A COPUA, mgwirizano wolimbana ndi kuchotsa mimba kosatetezeka, ndi mabungwe ena akhala akukankhabe. Mu October 2025 khothi lalikulu linagamula mokomera mtsikana wachichepere yemwe anagwiriridwa nkukanizidwa chithandizo, linati kumukaniza kunaphwanya ufulu wake pansi pa Gender Equality Act ya 2013. Ndi sitepe yaikulu, komabe Penal Code ili pomwepo. Ndipo Malawi anavomereza Maputo Protocol, pangano la maiko a mu Africa la ufulu wa amayi, yomwe gawo 14 likuti maiko aloleze pa zifukwa ngati zomwezi, nde sitikupempha zachilendo, tikupempha zomwe boma linasayina lokha.

Chimodzi choti abale kumudzi adziwe: chithandizo cha munthu yemwe wapita padera kapena wachotsa nkuvulala ndi chololedwa m'zipatala za boma. Asafere m'nyumba.

Mng'ono wanga kumudzi wavutika, ndingamutumizire mapilisi pa basi olo kwa transipota?

Timamvetsa mtima wake koma ife timati ayi. Kumalawi umenewo ndi mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe, komanso inu muli kuno simukudziwa kuti mimbayo yafika pati, ana amabisa masabata chifukwa cha manyazi, ndipo zikavuta usiku ali kutali ndi chipatala inu mudzangomva pa foni. Bola mutumize ndalama ya thiransipoti akaonane ndi wazaumoyo weniweni, makamaka ngati anagwiriridwa olo ndi mwana, ndipo mupezereni munthu wamkulu mmodzi wosunga chinsinsi woti apite naye.

Kodi inu simupemphera? Si tchimo limeneli?

Timapemphera. Pakati pathu pali amayi a Mvano, pali wa Katolika, pali Msilamu wa ku Mangochi, ndipo ena amanena poyera kuti iwo eni sangachotse zivute zitani. Sitikangana nawo, ndipo sitiuza munthu kuti chotsa. Yemwe mumtima mwake akuona kuti ndi tchimo asapange, tidzamuperekeza ku sikelo ndi chimwemwe chomwecho.

Koma kuno munthu akamwalira mukudziwa mmene zimakhalira, meseji imazungulira, timasonkha marandi kuti thupi lipite kumudzi, bokosi limayenda mu ngolo kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, mayi ake akudikira mwana yemwe anamutumiza kukasaka. Tasonkhapo za atsikana omwe tonse tinkadziwa chomwe chinawapha koma palibe anatchula. Ena aife tinafika poti sitingathenso kuimba nyimbo pa maliro otero kenako nkukhala chete. Mlandu wa munthu ndi Mulungu wake sititha kuuweruza ife, koma kumusiya afe yekha kuseri kwa katani, chimenecho nde tikuona kuti tidzafunsidwa.

Madamu akuti ndichotse apo ayi ntchito yatha. Wina akuti mwamuna ndi amene akumukakamiza

Kumeneko si kusankha, ndi nkhanza, ndipo timalimbana nazo chimodzimodzi. Ufulu womwe tikunenawu ndi wosunganso mimba yako. Malamulo a ntchito kuno amati kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha mimba nkosaloledwa, wantchito wa m'nyumba nayenso ali ndi miyezi 4 ya tchuthi cha uchembere, ndipo ku CCMA, ofesi yoweruza mikangano ya pantchito, amamva madandaulo a anthu akunja ngakhale mapepala asali bwino, bola mukafike pasanathe masiku 30 chikuchotsereni. Sungani mameseji onse. Ngati ndi mwamuna, mukalowa kwa nesi nenani kuti mukufuna kuyankhula muli nokha, muuzeni kuti si kufuna kwanu, popanda chilolezo chanu sangapange kanthu.

Ndagwiriridwa

Pepani asisi, si kulakwa kwanu. Pitani mwachangu ku Thuthuzela Care Centre, malo othandizira anthu ogwiriridwa, kapena chipatala chilichonse cha boma, pasanathe maola 72 kuti mulandire mankhwala oteteza ku HIV ndi mapilisi oletsa mimba angozi. Ngati mimba yakhala kale, simukufunika kutsegula kaye mlandu kupolisi kuti akuthandizeni. Nambala ya boma ya za nkhanza ndi 0800 428 428.

Ine si wodwala, koma ndikufuna kuthandiza. Ndiyambire pati?

Yambani ndi pakamwa. Munthu akakuuzani chinsinsi chake chithere mwa inu, chifukwa kuno tonse timadziwana, ukauza mmodzi pa Mayfair madzulo nkhani yafika kale kwa apongozi ake ku Mzimba. Atsikana ambiri amathawira kwa anthu a m'mapolo osati chifukwa choopa chipatala chokha, akuopanso ife.

Kenako perekezani. Si ntchito yofuna sukulu. Umadzuka kukadali mdima, mu June muja kuzizira kolowa m'mafupa, umanyamula fulasiki ya tiyi, buledi, mapadi, chitenje chapadera ndi ya takisi yobwerera. Pamzere umakhala naye, kalaliki akayankhula Chizulu chothamanga iwe umamasulira, akamukalipira iwe umafunsa mwaulemu kuti nde tipite kuti, tipatseni kalata. Munthu akakhala ndi mnzake pambali amamubweza movutirapo, izi taziona kambirimbiri. Pobwera umamufikitsa pakhomo, usiku nkumuimbira kufunsa za magazi. Ngati simungajombe kuntchito, musungireni ana tsiku limenelo, kapena pa chipereganyu chanu muziika kenakake pambali ka thiransipoti ya odwala.

Abambo nanunso muli ndi gawo, mimba sabwera nayo yekha munthu. Perekezani, lipirani takisi, valani kondomu, ndipo mnzanu akamanyoza mtsikana pagulu muuzeni asiye.

Mukaona timapepala ta m'mapolo tija pafupi ndi pomwe mukukhala, matulani. Pa 28 September chaka chilichonse ndi tsiku lokumbutsa dziko lonse za kuchotsa mimba kotetezeka, mabungwe kuno amakhala ndi zochitika, pitani mukamve, muli madokotala ngati Dr Tlaleng Mofokeng omwe akhala akuyankhula za nkhaniyi mosabisa mawu. Kumudzi aphungu amatidziwa ife a ku Joni pa nthawi ya kampeni ndi ya zopereka, nde mukamayankhula nawo afunseni kuti bilu ija ili pati ndipo iwo aima mbali iti.

Ndipo mukamva kuti kiliniki yakuti yayamba kuthandiza, kapena yasiya, kapena amalandira Lachiwiri lokha, kapena nesi wake wasamuka, uzani anzanu tsiku lomwelo, chifukwa mindandanda yolembedwa imakhala yakale ndipo munthu wa masabata 11 alibe ndalama olo nthawi yokwera matakisi awiri kupita pomwe akamubweze.